Mafupa a Kamphepo

Lamlungu, 9 Novembala

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani pokwera masitepe a kuhotelo kwanuko. Kuno tadzuka ndithu. Mudabwa kulandira kalata m'masiku ano a foni, ndipo ndikudziwa kuti musanaitsegule n'komwe mtima wanu uthamangira ku maliro. Khazikani mtima pansi, palibe wamwalira. Ndasankha kulemba chifukwa ndimakudziwani. Pa foni simulola munthu kumaliza mawu. Ndikangoti "mwana", inu mwaponya kale mafunso asanu, ndikayankha limodzi mwayamba kulira, kenako mayunitsi atha. Ndiye vulani nsapato, mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto. Kundikalipira mundikalipire pambuyo pake.

Miyezi yonseyi mwakhala mukundifunsa kuti Kamphepo akuthamanga bwanji, ine n'kumangoti ali bwino. Sindinkanena zonse. Mwana wanu sanathamange chiyambire mwezi wa Epulo.

Mukukumbukira mmene tinasangalalira atamutenga m'timu ya atsikana othamanga mtunda wautali. Inu munatumiza nsapato zobiriwira zija, iye n'kuziika pamwamba pa kabati ngati maluwa, osalola munthu kuzikhudza. Kutimuko anapeza kochi watsopano, bambo wamtali wosalankhulalankhula, woyenda ndi wotchi m'khosi. Bamboyo anaika sikelo pakhomo la chipinda chosinthira zovala, ndipo mtsikana aliyense ankayamba wakwera pasikelopo asanalowe m'bwalo. Kamphepo anandiuza yekha akuseka kuti akochi amakonda kunena kuti mbalame yolemera siuluka. Nanenso ndinaseka nawo.

Anayamba ndi kusiya shuga mu tiyi. Kenako majarini pa buledi. Kenako buledi amene. Pa chakudya chamadzulo ankatola masamba okha, mpunga ndi nyama n'kukankhira kwa bambo ake. Inu mukuwadziwa alamu anu, munthu woti chibadwire sanabwezepo mbale ili ndi kanthu. Ankangoti, "Mwana wangayu amandikonda," n'kupukuta zonse. Mwana akuonda, bambo akukula mimba, mpaka chiwongolero cha basi chinayamba kuwakhudza pamchombo.

Ine ndinkaona ndithu. Telala amalidziwa thupi la munthu kuposa galasi. Anabwera kushopu ndi siketi yake yakuda ija kuti ndiibweze m'chiuno. Patapita kanthawi anabweranso nayo, ataphatikizapo madiresi awiri. Ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, ukufuna ukathere pati?" Iye anati, "Amayi, othamanga onse ali chonchi. Simuwaona pa TV?" Ndipo kunena zoona ankapambana. Makasitomala anga akamuona akudutsa ankati, "Mayi, mwana wanu ali ndi thupi labwino, ngati la atsikana a m'magazini." Munthu udandaula bwanji mwana akubwera kunyumba mendulo ili m'khosi?

Chakumayambiriro kwa chaka anayamba kutsimphina pang'ono akadzuka m'mawa. Ankati ndi mnofu wa m'ntchafu wakokeka. Ankathowa ndi madzi otentha, kupaka mankhwala onunkha aja, kuvala nsapato, ulendo.

Tsiku la mpikisano wosankha atsikana oti apite kunja, ine ndinatseka shopu, bambo ake anasinthana ntchito ndi mnzawo, tinakakhala pa mabenchi a simenti dzuwa likuswa mtengo. Achemwali, mukanamuona! Anali patsogolo, anzake akumuona msana wokha. Bambo ake anaimirira n'kumakuwa mpaka mawu kusasa, akuuza aliyense wapafupi kuti, "Uyo ndi wanga uyo!" Atatsala pang'ono kumaliza, pokhota paja, ndinaona mwendo wake wamanzere ukukana. Sanapunthwe, palibe anamugunda, sanagwe n'komwe. Anangodumphira mwendo umodzi, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wofuna kumanga chingwe cha nsapato. Anzake anamudutsa mmodzimmodzi. Anayesa kudzuka, zinakanika. Anayesanso, ndipo nkhope imene anaonetsa sindikufuna ndidzaionenso.

Alamu anu, ndi mimba yawo yonse ija, analumpha mpanda wa waya. Mpaka lero sindikudziwa anachita bwanji. Anakamunyamula m'manja n'kutuluka naye m'bwalo. Pambuyo pake anandiuza kuti, "Mayi a mwana, ndinamunyamula ngati ndanyamula jekete. Munalibe munthu mmenemuja." Kuyambira tsiku limenelo sanalandirenso mbale ya mwana.

Kuchipatala anamujambula, ndipo titadikira m'khonde mpaka miyendo kuchita dzanzi, anatilowetsa kwa dokotala wa mafupa. Ndi mayi wamfupi wa imvi zoyamba kumene, magalasi ake amalendewera pa kachingwe. Anatilozera pa chithunzi kamzere kakang'ono pamwamba pa fupa la ntchafu, pamene limalowa m'chiuno. Anati fupalo lachita mng'alu.

"Wagwa kuchokera pamwamba?" anafunsa.

"Ayi," ndinayankha.

"Galimoto? Njinga?"

"Ayi adokotala, amangothamanga basi."

Anamuyang'ana Kamphepo kwa kanthawi, anagwira mkono wake n'kuutembenuza uku ndi uku, kenako anapempha bambo ake kuti atuluke kaye. Chitseko chitatsekedwa anafunsa motsitsa mawu kuti, "Mwananga, kumwezi unapita liti komaliza?"

Kamphepo anazyolika. Achemwali, mtima wanga unangoti phwii! Mukudziwa chimene mayi amayamba kuganiza akamva funso limenelo. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kusanthula anyamata onse a mumsewu mwathu, kuyambira wometa uja mpaka wokonza mafoni.

"Papita chaka," anayankha. "Mwina kuposa."

"Chaka!" ndinakuwa nditaimirira. "Mimba yake yotani ya chaka?"

"Khalani pansi, mayi," anatero adokotala akubisa kuseka. "Mimba palibe."

Kamphepo anati, "Atsikana ambiri m'timu mwathu zinasiya. Timauzana kuti zikasiya ndiye kuti ukulimbikira bwino. Ine ndimangoona ngati ndapumula."

Adokotala anavula magalasi n'kukoka mpando wawo kufupi ndi ife. Ndiyesa kukuuzani monga ananenera, chifukwa mawu akewo ndakhala ndikuwabwereza mumtima ndikamasoka.

"Anthu ambiri amaona ngati mafuta a m'thupi ndi katundu wongolemetsa munthu," anatero. "Si choncho. Mafuta amalankhula. Amatulutsa tinthu tina m'magazi timene timati mahomoni, ndipo timeneti ndi timithenga. Timakauza ubongo kuti kuno chakudya chilipo, ntchito ipitirire. Mafuta akatha uthengawo umachepa, ubongo n'kuganiza kuti kwagwa njala. Ndiye umayamba kutseka zina ndi zina kuti munthu apulumuke, ndipo chimodzi mwa zoyamba kutsekedwa ndi kumwezi. Tsono vuto lake ndi ili: homoni ya chikazi imene imayendetsa za kumwezi ndi yomweyonso imalondera mafupa. Fupa si mwala, mayi. Tsiku ndi tsiku thupi limagumula pang'ono n'kumanganso pang'ono. Mlonda uja akachoka, ogumula amachuluka kuposa omanga. Kunja fupa limaoneka labwinobwino, koma mkati likufumbwa ngati thabwa. Ndiye mwana wanuyu thabwa lofumbwalo amalimenyetsa pansi m'mawa ndi madzulo."

Ine ndi pakamwa pangapa, mundikhululukire, ndinangoti, "Ndiye kuti achemwali anga mafupa awo ndi achitsulo, poti iwowo mafuta Mulungu anawapatsa mosaumira." Ngakhale Kamphepo anaseka misozi ili m'masaya. Adokotala anati, "Musakawanamize choncho. Mafuta akachulukitsa amabweranso ndi mavuto awo, ndipo si uthenga wonse wochokera ku mafuta umene umakomera mafupa. Wina umawathandiza, wina ayi, ndipo ofufuza akulimbana nazobe. Koma ichi ndiye tikuchidziwa: thupi la mkazi likasoweratu mafuta, amene amavutika ndi mafupa."

Sabata yotsatira anamugoneka pa makina ena oyeza kulimba kwa mafupa. Mwana wa zaka makumi awiri, mafupa ake anali ngati a mayi woti anasiya kale kusamba. Mwayi wake unali wakuti mng'aluwo unali mbali imene imatha kupola popanda opaleshoni, bola asaupondere mwendowo. Akaupondera, anati, fupa likhoza kuthyokeratu, ndipo pamenepo nkhani yake ikhala ina. Anatipatsa ndodo ziwiri zoyendera ndi mapiritsi, n'kunena kuti, "Koma mankhwala enieni ali kukhitchini kwanu."

Ine ndinkaona ngati zaphweka, poti ndi nkhani ya kudya. Achemwali, kudyetsa khanda n'kosavuta. Khanda umalinyengerera ndi nyimbo, likayasamula walowetsa supuni. Koma mtsikana wamkulu amene mutu wake wamuuza kuti chakudya ndi mdani, umutani? Anadzitsekera m'chipinda, makatani otseka, foni yozimitsa. Ndikamupatsa dzira ankadya choyera chokha, chachikasu n'kubisa pansi pa supuni. Mkaka ankathira m'maluwa a pawindo, mpaka tinadziwa chifukwa cha fungo. Tsiku lina ndinapsa mtima. Ndinamenyetsa mbale pa tebulo n'kunena kuti, "Kodi ukufuna undiphe ndi mtima?"

Anandiyang'ana ndi maso olowa aja n'kunena kuti, "Amayi, inu simukumvetsa. Ndikaika chakudya m'kamwa ndimamva ngati ndikulakwira munthu. Ndikanenepa ndiye kuti basi, m'bwalo sindidzabwereranso. Nanga ndikasiya kuthamanga, ndine ndani?"

Ndinatola mbale ija n'kukalirira kukhitchini. Titawauza adokotala, anatitumiza kwa mayi wina wa uphungu amene amacheza naye payekha. Zimene amakambirana sindizidziwa. Ine anangondiuza kuti ndisiye kuima pamutu pa mwana ngati wapolisi akamadya, ndipo ndiziika chakudya pa tebulo n'kumayankhula nkhani zina. Munthu wamkulu ngati ine kuphunzitsidwa kutseka pakamwa! Koma ndinaphunzira.

Poti shopu ili pakhomo pomwe, ndinayamba kumukokera kumeneko kuti asamangokhala mumdima. Ndinamuikira mpando pawindo, mwendo pa kasitulu, n'kumupatsa ntchito yosoka mabatani. Mabatani oyambawo ankathothoka munthu akangoyetsemula, koma pano akusoka bwino kuposa ine.

Akochi aja anabwera kamodzi, atanyamula jumbo ya malalanje. Alamu anu anafuna kuwatulutsa ndi mpando, ndinachita kuwagwira malaya. Bamboyo anaima pakhomo chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Nanenso ndinaphunzitsidwa choncho. Za kumwezizo sindinkazidziwa, atsikana sangandiuze ine zimenezo." Sindinawalandire ndi manja awiri, komanso sindinawathamangitse. Anaoneka kuti zawakhudza. Kamphepo sanadzutse mutu pa batani limene ankasoka. Ndamva kuti sikelo ija anaichotsa pakhomo paja, kaya n'zoona.

Chimene chinatembenuza zinthu si ine, si bambo ake, ngakhale adokotala. Ndi mnzake wa m'timu, mtsikana wamtali wa mano a mpata, amene ankathamanga naye limodzi m'mawa. Anabwera Loweruka lina kudzamuona, nkhani zili mbwee, za mipikisano, za amene wapambana ndi amene wakwiyitsa akochi. Ndinawapangira tiyi ndi buledi wopaka chiponde. Mtsikanayo anati, "Zikomo amayi, ndadya kale." Mawu omwe aja ankanena Kamphepo, achemwali, ngakhale kamvekedwe kake. Atatambasula dzanja kuti atenge kapu, wotchi yake inatsetsereka kuchoka pamkono mpaka pachigongono.

Ndinaona Kamphepo akuiyang'ana wotchiyo. Ine ndinakhala pa makina ngati ndatanganidwa, koma phazi ndinalifewetsa kuti ndimve.

"Iwe," anatero Kamphepo, "kumwezi unapita liti?"

Mnzakeyo anaseka. "Aa, ndinaiwala n'komwe kuti kuli zimenezo."

"Nanga phazi ilo ukulipondera m'mbali chifukwa chiyani? Ndakuona polowa."

"Ndi kamnofu chabe aka."

Kamphepo anatenga ndodo zake ziwiri zija n'kuziika pamiyendo pa mnzakeyo. "Taziyeseratu," anatero. "Uzifuna posachedwa. Nanenso ndinkati ndi kamnofu."

Kenako mwana wanu anatenga buledi, anamunyema pakati, n'kupereka theka kwa mnzake. "Idya. Ukadya, nanenso ndidya." Anadya onse awiri, pang'onopang'ono, akumeza ngati mankhwala owawa, misozi ikugwera mu tiyi. Ine ndinasokerera mkono wa malaya a kasitomala chozondoka, ndinachita kuphwasula mawa lake. Mtsikanayo amayi ake anapita naye kuchipatala, ndipo anamupeza mafupa atayamba kufooka koma asanathyoke.

Sindikunena kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda myaa. Panali masiku abwino ndi masiku oipa. Koma mbale inayamba kubwerera kukhitchini ili yopepuka. Mazira, mkaka, nyemba, nsomba, mapeyala, zonse zinayamba kulowa. Alamu anu, posowa mbale yachiwiri ija, ayamba kuoneka ngati munthu.

Tsiku lina ndinamumva akulira kuchipinda. Ndinamupeza atavala siketi yakuda ija, zipi itakanirira pakati. "Taonani, Amayi," anatero, "ndasanduka thumba." Ndinamuvula siketiyo n'kuitembenuza kuti aone mkati. Nsalu yonse imene ndinkabweza ija inali momwemo, yopindidwa bwinobwino m'misoko. Ndinati, "Ine sindidula nsalu ya munthu amene ndikudziwa kuti adzabwerera." Ndinatenga lezala n'kuyamba kuphwasula msoko. Anapukuta m'maso, anakhala pambali panga n'kugwira mbali inayo kuti ulusi uoneke bwino.

Fupa lija linapola. Ndodo imodzi anaisiya nyengo yozizira ikutha, inayo patapita masabata angapo. Anamulola kusambira ndi kupalasa njinga ija yosayenda ya kuchipatala, imene bambo ake amati ndi njinga ya anthu opanda kopita. Koma adokotala nthawi zonse ankafunsa funso limodzi lomwe lija, ngati wayambanso kupita kumwezi, ndipo nthawi zonse yankho linali lakuti ayi. Ankati tisataye mtima, thupi likanamizidwa nthawi yaitali limachedwa kukhulupirira kuti njala yatha. Ine mumtima ndinkaopa zambiri zimene sindinkanena. Ndinkaganiza za mawa lake, akadzafuna banja, akadzafuna mwana wakewake.

Tsono imvani chimene chandipangitsa kugwira cholembera. Lachitatu lapitali ndinali ndikuyesa diresi pa mkwatibwi wina, mapini ali m'kamwa, tepi ili m'khosi. Ndinangomva, "Amayi! Amayi, tabwerani!" kuchokera kubafa. Ndinati basi, waterereka, fupa lija lapita. Ndinathamanga ngati ndine wa m'timu. Ndinamupeza ataimirira bwinobwino, atagwira sinki.

"Amayi, zabwera."

"Zabwera chiyani?"

"Zija."

Achemwali, ndinalavula mapini onse pansi. Tinakumbatirana m'kabafa kopanikiza kaja, tikuseka uku tikulira, ngati anthu openga. Zitabwera koyamba ali kamtsikana analira ndi mantha, ine n'kumamutonthoza. Ulendo uno wotonthoza mnzake panalibe. Mkwatibwi uja tinamuiwaliratu. Nditabwerera kushopu ndinamupeza akadali chiimire, manja ali m'mwamba monga ndinamusiyira, akuopa kuti mapini angamubaye.

Bambo ake atabwera kuchokera kuntchito ndinawauza kuti mwana wachira, zinthu zabwerera m'malo mwake. Anafunsa kuti zinthu zanji. Ndinati za azimayi. Anavula kapusi, anakanda m'mutu, anatuluka. Anabwerako atanyamula keke yaikulu yolembedwa mawu ofunira zabwino munthu wopuma pa ntchito, ati ndi yokhayo inatsala m'sitolo. Kamphepo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anadula chidutswa chake yekha, anadya, n'kudulanso china.

Tinapita kukawauza adokotala. Anamugwira chanza ngati wapambana mpikisano, n'kunena kuti mlonda uja wabwerera pa ntchito. Koma sanatibisire. Anati mafupa sachira msanga ngati chilonda, zitenga zaka, ndipo mwina si zonse zimene zinatayika zidzabwerere, chifukwa msinkhu wakewu ndi umene mtsikana amakhala akusunga mphamvu ya mafupa yoti adzadalire akadzakula. Za kuthamanga anati mwina chaka chamawa, pang'onopang'ono, ndipo pokhapokha ngati mwezi uliwonse zizibwera. Kamphepo anamvetsera osalira. Potuluka anandiuza kuti, "Amayi, ndikadzabwerera ndidzabwerera ndi thupi langa lomweli. Likakhala lolemera, lizingolemera."

Pali china chimene ndazengereza kulemba, ndipo ndachisiyira kumapeto dala. Tsiku limenelo, Kamphepo atapita kukatenga mapiritsi ake, adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Nanga inu, mayi? Munasiya kusamba?" Ndinati inde, papita zaka zingapo. Anati, "Ndinu ochepa thupi kwambiri. Amayi anu atakalamba anali otani?"

Achemwali, ndinawaona Amayi m'maso mwanga. Mmene msana wawo unkapindikira chaka ndi chaka, mmene anafupikira mpaka kulephera kufikira shelefu ya makapu imene anakhoma okha, ndi tsiku lija anathyoka mkono pongotsamira chitseko. Ife tinkangoti ndi ukalamba. Adokotala anati mkazi akasiya kusamba, homoni ya chikazi yochepa imene imatsala imapangidwa kwambiri m'mafuta a m'thupi, ndiye munthu wouma ngati ine amatsala ndi yochepetsetsa. Anandigoneka nanenso pa makina aja. Mafupa anga nawonso ayamba kufooka. Sanafike poipa, musadzidzimuke. Andipatsa mapiritsi, andiuza kuti ndizimwa mkaka, ndiziyenda, ndizituluka padzuwa m'malo mokhalira pa makina tsiku lonse. M'nyumba muno sindinauze munthu. Nyumba ino yangoyamba kumene kuseka, ndiisiye iseke kaye. Ndauza inu nokha, poti amayi aja anali athu tonse. Moyo wonse mwakhala mukundisirira kuti ndimadya osanenepa, lero taonani. Koma musanyade. Nanunso mupite mukayezetse, ndipo tiyi uja mumamwa kuti muonde, amene amakuthamangitsani kuchimbudzi uja, mumutaye. Ndikukupemphani ngati mng'ono wanu.

Pempho langa lina ndi la mwana wanu. Mwaona kuti mukaimba amakhala ali kubafa, kapena wagona, kapena watuluka. Amakhala ali pompo, akundikodola kuti ndinene choncho. Akuchita nanu manyazi. Anandiuza kuti, "Amayi aakulu anauza hotelo yonse kuti ndidzaoneka pa TV. Ndiwauza chiyani?" Ndiye mumuimbire pa foni yake. Musamufunse kuti ayamba liti kuthamanga. Musamuuze kuti wanenepa, ngakhale mukuchita kuyamikira, ndipo musamuuze kuti anaonda. Mungomuuza nkhani za kukhitchini kwanuko, za bwana wanu uja amalawa supu ndi chala, za alendo opempha zinthu zodabwitsa. Amazikonda nkhani zanu. Akakuuzani yekha zimene ndalembazi, mudabwe ngati mukumva koyamba. Ndikudziwa kuti zimenezo mumazitha.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti jekete lawo lija ndinalimaliza kalekale, likungodikira mwini wake. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'onoyo amene ndamva kuti watalika kuposa bambo ake. Alamu anu akuti ndikupatseni moni wambiri, ndipo akuti mukamadzabwera mudzawabweretsere lamba watsopano poti wakaleyu wayamba kuwakulira. Anansi onse ali bwino. Mayi wa pasaluni uja anabereka mapasa, ndipo denga la shopu linasiya kudontha.

Kamphepo sakudziwa kuti ndikulemba, ndiye moni wake sindingauike pano. Koma ndikumuona pawindo. Ali panja pa chingwe, waimirira ndi miyendo yake yonse iwiri, akukangana ndi bambo ake amene akuyanika malaya chozondoka. Wagwira m'chiuno, akuwalozera ndi chala, ndipo akuseka. Masaya abwerera, achemwali, ndipo si anga, si a bambo ake. Ndi anu enieni, mpaka kadzenje kakumanzere kaja. Ndikamuyang'ana ndimakusowani kawiri. Bwerani mudzamuone, mudzandionenso ine ndikadali wowongoka.

Mulungu akusungeni kutali komwe muliko.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Mayi ake a Kamphepo